Kabati Yokana Kutuluka Pachitseko

Anthu a kwathu ku Likhubula amati ndili mwana ndinadya kalongonda wosapsa, n'chifukwa chake mutu wanga suchedwa kutentha. Ine ndimakana. Sindikwiya popanda chifukwa, kungoti zifukwazo zimandipeza kawirikawiri kuposa anzanga. Sukulu ndinalekezera sitandade seveni. Aphunzitsi anandilamula kukumba dzenje la zinyalala lakuya ngati msinkhu wanga chifukwa chochedwa, chonsecho mtsinje unali utadzaza ndipo tinachedwa tonse. Dzenjelo ndinakumba, ndinaponyamo makope anga onse, n'kukwirira bwinobwino. Kuchokera pamenepo ndinayamba kunyamula zikwama za alendo okwera phiri. Ntchito imeneyo inkandiyenera, chifukwa munthu wokwiya amakwera chitunda msanga.

Chinthu chamtengo chokhacho chimene ndinalandirapo m'moyo mwanga ndi kabati ya malume. Malumewo, alongo awo a mayi anga, anagwira ukhukhi zaka zambiri kwa mzungu wina wa ku Holandi pa esiteti ya tiyi. Pobwerera kwawo mzunguyo anapakira mabuku, nsapato, ngakhale mbale ya galu, koma kabati inamukanika. Akuti atamva mtengo woitumizira pa sitima mutu unamuwawa, ndiye anangoti, khukhi, tenga.

Inu, kabati imeneyo si izi za pamsika zokhomakhoma ndi misomali, zimene zimapendekeka mukayetsemula. Kutalika kwake, ine nditakweza mkono ndimangokhudza chipewa chake chapamwamba. M'lifupi mwake munthu akhoza kugona osapinda miyendo. Ndi yakuda ngati tiyi wopanda mkaka, miyendo yake yozungulira ngati timaungu, ndipo zitseko zam'mwamba ndi za magalasi okhala ngati muli madzi, moti ukadziyang'anirapo nkhope imatuluka yokhota. Shelefu iliyonse ili ndi kamzere kokumba chakumbuyo. Malume ankati timizere timeneto ndi toimikamo mbale zadothi kuti zisaterereke, chifukwa kwawo kwa mzunguyo kabati zotere sanazipangire kusungamo shuga kapena mchere ayi. Anazipangira kuti mbale ziziima chilili n'kumayang'ana alendo. Mtengo wake ankati ndi oki, sumera kuno, ndipo anaipala agogo ake a mzunguyo asanabadwe.

Kwathu kuphiri mtengo timauweruza ndi mphuno. Akuluakulu ankabwera, kuinunkhiza kutsogolo ndi kumbuyo, n'kupukusa mitu: palibe fungo la mkungudza, mzungu wakupusitsani. Mpaka kalipentala wina anayesa kukhomapo msomali kuti malume apachikepo kalendala. Msomali unapinda ngati mbedza. Kuyambira tsiku limenelo anthu anayamba kuipatsa ulemu.

Mbale zonse mzungu anapita nazo kupatula imodzi yokhala ndi mng'alu. Ndi yoyera, yojambulidwa ndi utoto wabuluu kanyumba ka mapiko anayi ndi ngalawa pambali pake. Malume ankaiimika pakati penipeni yokhayokha, ndipo palibe anadyerapo. Tsiku limene ndinakwirira makope lija, abale onse ankafuna kundikwapula, koma malume anangondipatsa kansalu kuti ndipukute kabati, shelefu ndi shelefu, mpaka mtima utsike. Pambuyo pake ndikayambana ndi munthu ankangondiponyera kansaluko. Ndinaipukuta kabati imeneyo kwambiri.

Atamwalira, kabati ndi mbale yake zinagwera ine, mwana wa mlongo wawo, monga mwa mwambo. Chaka chimenecho mvula inagwetsa khoma limodzi la nyumba yawo, ndiye tinaitulutsira pamenepo, amuna asanu ndi mmodzi ozolowera kutsika ndi katundu kuphiri, tonse tikubuula, n'kukaiika pakhonde la mayi. Momwe inalowera m'nyumba ya kachitseko kakang'ono kaja, sindinafunse. Mutu wanga umafulumira zina.

Mkazi wanga ndinamupeza pamsika wa Thuchila akugulitsa miphika ya amayi ake. Ndinamupempha anditsitsire mtengo, anakana. Ndinamuuza kuti mphika wake ndi wopendekeka kukamwa, iye anati kukamwa kopendekeka kumene akukuona ndi kwanga. Ndinachoka nditafufuma, ndipo sabata yotsatira ndinabwereranso kudzapitiriza mkanganowo. Tinakangana masabata angapo mpaka ankhoswe anakumana.

Kwathu kuno mwamuna ndiye amasamuka. Chinkhoswe chitatha anandilozera malo omanga nyumba kumudzi kwa mkazi, mkati pang'ono kuchokera pa Thuchila, ndipo ndinasiya phiri n'kuyamba kabaza. Njerwa ndinaumba ndekha ndi dothi la pachulu chawo, n'kuwotcha. Ndinkafuna adziwe kuti mkamwini uyu sanabwere ndi bulangeti lokha ngati ena aja. Ndiye maziko atangotha ndinachita hayala lole ya mchenga kukatenga kabati, mayi anga atakhala kutsogolo atafungatira mbale ija m'chitenje.

Mmisiri womanga anaiyang'ana, n'kuyang'ana felemu ya chitseko imene ndinali nditagula kale, n'kuseka. Anati pokhapokha ndikagule chitseko cha tchalitchi. Ndinatenga chingwe, kuyeza choimirira, kuyeza chogona, kuyeza chopingasa. Njira iliyonse kabati inkaposa felemu ndi chikhatho chathunthu. Mutu unayamba kutentha, ndipo m'kutenthamo munatuluka nzeru imene ndinaiona yoposa ya mmisiri: kabati iyambe kulowa, nyumba ibwere pambuyo.

Tinaiimika pa maziko, pamalo a pabalaza, n'kuifunditsa pulasitiki. Makoma anakwera moizungulira. Anthu ankachoka midzi ina kudzaona kabati ikumangiridwa nyumba, ndipo ine ndinkawafotokozera za oki ndi za ku Holandi ngati ndinapitako. Mayi anga tsiku loyamba lija anayang'ana zimene ndinkachitazo, anatsegula pakamwa ngati anena kanthu, n'kutsekanso. Kenako anamukokera mkazi wanga kuseri kwa khitchini, ndipo ndinawamva akuseka. Ine ndinati ndi chimwemwe.

Khoma lakumbuyo kwa kabatiyo tinalisiya la njerwa zokhazokha poti dzanja silikanalowako. Pansi pa nyumba simenti inali isanapezeke, mkazi wanga ankazira ndi mtsiro, koma kunsi kwa kabati kunatsala dothi lokumbikakumbika ndi zidutswa za njerwa. Ndinati palibe adzaoneko.

Tsopano ndinene za apongozi anga aakazi. Ndi mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, woumba miphika, mitsuko ndi mbiya zimene anthu amazidziwa mpaka ku Muloza. Mabanja ambiri masiku ano anasiya zothawana ndi apongozi, ena mpaka amaimbirana foni. Koma pakhomo pamenepo mwambo unali wamoyo. Mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, sakhala m'chipinda chimodzi, sadyera pamodzi. Mukakumana panjira wina apatukire kutchire, ndipo wopatukayo nthawi zonse ndinali ine, ndi njinga yomwe. Moni wam'mawa ndinkapereka nditanjuta kuseri kwa nkhokwe, iwo n'kuyankhira mtengo wa papaya. Mawu ena onse ankadzera mwa mkazi wanga.

Mphika woyamba unalowa m'kabati nthawi ya mvula. Mkazi wanga anati ndi wauwisi, sunawotchedwe, nkhuku zikuujompha, ungokhalamo masiku atatu. Ndinavomera, ndinali mkamwini watsopano. Pofika Lamlungu inalimo isanu ndi iwiri. Kenako kunabwera aphunzitsi ena aakazi kudzagula mtsuko, ndipo poti panja kunkagwa mvula anawalowetsa kwanga. Atauona mtsuko kuseri kwa galasi, pambali pa mbale yabuluu ija, sananenerere mtengo ngakhale pang'ono. Anagula iwiri, wina wa madzi, wina wobzalamo maluwa. Basi, nkhani inathera pomwepo. Apongozi anazindikira kuti mphika womwewo ukakhala pamphasa kumsika anthu amaugogoda ndi chala n'kuunyoza, koma ukakhala m'galasi amaulankhula motsitsa mawu.

Ndisaname, zinkaoneka bwino. Miphika yofiira yosalazidwa ndi nkhulungo, kamwala kaja amakulungizira dongo, itandanda m'matabwa akuda aja, inkaoneka ngati kabatiyo anaipalira iyo. Koma vuto langa linali ili: mwini miphika akalowa m'nyumba, ine ndiyenera kutuluka. Ndinkabwera kuchokera ku kabaza nditatopa, n'kupeza patapata wa apongozi pakhomo panga, m'kati muli amayi anayi akusankha nkhali. Ndiye ndinkakakhala kuseri pafupi ndi bafa, pa ndowa yovundikira, kudikira kuti malonda athe. Amayi posankha mphika safulumira. Amayamba ndi za maliro a kutsidya, kenako za mtengo wa feteleza, mphika umabwera kumapeto. Nyumba ndinamanga ndekha, kabati ya malume anga, ine pa ndowa. Nkhani inafika mpaka pa siteji, moti anzanga a kabaza ankandifunsa m'mawa uliwonse kuti sitolo yatsegula kale kodi, wathawa msanga bwanji. Mmodzi ndinamuphwetsera matayala onse awiri.

Ndinkatuma mawu, inde. Tsiku lina ndinamuuza mkazi wanga kuti akawauze kuti nyumba yanga si msika, achotse zigoba zawozo dzuwa lisanalowe. Anawoloka bwalo, kugwada, ndipo poti mphepo inkachokera komweko ndinamva zonse.

"Akuti kabati yakongola, manja anu ndi odala."

Anabwerera n'kundiuza kuti amayi athokoza, ndipo mawa abweretsa mbiya ziwiri zoika m'munsi.

Zikafika potere ndinkanena mawu amene mkamwini aliyense amasunga m'thumba: ndikupita kwathu. Mwambo wake ndi wodziwika. Mkamwini akamachoka amanyamula chimene anabwera nacho. Nyumba, munda ndi ana zimatsala. Mkazi wanga sankalira, sankandigwira malaya. Ankangopitiriza kusankha nandolo n'kunena kuti, "Muyende bwino, abambo. Katundu wanu musaiwale." Ine kuyang'ana kabati, kuyang'ana chitseko, kuyang'ananso kabati. Kuisiya sindikanatha, ndikanakawauza chiyani malume kumanda? Ndiye ndinkakwera njinga, kupalasa mwaukali mpaka pamlatho, kunyamula pasinjala mmodzi kapena awiri, n'kubwera madzulo ndi kamulu ka bonya. Chaka choyamba chokha ndinapita kwathu mwa njira imeneyi mwina kasanu ndi katatu, osafikako ngakhale kamodzi.

Tsiku limene zinafika poipa linali Lachitatu masana, mwana wathu wamkazi ali ndi miyezi isanu. Ndinalowa m'nyumba, kuyang'ana m'kabati, pakati paja pali kamphika ka ndiwo. Mbale palibe. Ndinatuluka n'kuipeza pabwalo, itavundikira mphika wa kalongonda pa mafuwa, nthunzi ikutuluka pa mng'alu paja, m'mphepete monse mutada ndi mwaye. Chivundikiro chawo chinali chitasweka, ndipo mbale yanga inakwana ndendende. Apongozi anali pomwepo, akusonkhezera moto.

Zimene ndinachita sindinyadira nazo, ngakhale chifukwa chinalipo. Sindinanjute, sindinafune nkhokwe, sindinaitane mkazi wanga. Ndinaima chilili pamaso pawo, manja m'chiuno, n'kuwauza kuti mbale imeneyo sinawoloke nyanja zikuluzikulu kuti idzavundikire nyemba za amisala, kuti pakhomo pano palibe wodziwa chinthu chamtengo, ndipo kuti zoumba zawozo ndi matope chabe ophika. Ndinalanda mbaleyo ndi manja, inandiwotcha, ndinavina nayo bwalo lonse osafuna kuigwetsa, mpaka ndinakaiika padenga la khola.

Apongozi anakoka chitenje kuphimba kumaso, natembenukira papaya uja.

"Papaya iwe, wamva," anatero. Basi.

Mkazi wanga tsiku limenelo sananene kuti muyende bwino. Anabereka mwana n'kusamukira kwa amayi ake, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti ulendo uno si wa pamlatho.

Ankhoswe anakumana Lachisanu pansi pa mtengo wa mango. Kumbali yanga kunabwera achimwene anga aakulu. Kumbali ya mkazi kunali malume ake, bambo wopuma pantchito ya ukapitawo wa othyola tiyi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuyeza masamba pa sikelo. Anati nkhani ndi yaifupi: mkamwini wayang'ana apongozi m'maso n'kuwanyozera ntchito ya manja awo. Apepese ndi nkhuku yamoyo, zithe. Achimwene anandiponda phazi kuti ndivomere. Koma anthu anali atazungulira, ndipo ine pagulu sindidziwa kubwerera m'mbuyo. Ndinati nkhuku sindigula, wolakwiridwa ndine, ndikupita kwathu, ndipo ulendo uno khoma ndigumula.

Akapitawo aja anagwedeza mutu ngati ndanena zanzeru. Anandifunsa zimene ndinabwera nazo, ndinatchula: njinga, bulangeti, kabati, mbale. Anati zonsezo ndi zanga, palibe angandiletse.

"Koma khoma ayi, bambo. Njerwa munaumba ndinu, sitikukana. Dothi lake munalipeza pano."

Ndinati ndiye ndisasula denga ndiitulutsire pamwamba. Anati pansi pa denga limenelo pamagona mwana wa mbumba yawo, ndipo mitambo ikuoneka kale kuphiri. Achimwene anali atabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Anandipatsa mpaka Lamlungu: kaya nkhuku, kaya nditulutse katundu wanga pomwe anthu amatulukira, njerwa iliyonse ili m'malo mwake. Ndikachoka, ukwati watha. Mkazi wanga anakhala chapatali, mwana ali pamiyendo, akuyang'ana pansi. Ndinadikira kuti andiyang'ane. Sanandiyang'ane.

Loweruka m'mawa amayi onse a pakhomopo anasenza miphika kupita kumsika. Ine ndinakabwereka sowo. Ndinali nditaganiza kuti ngati kabati siituluka yathunthu, ituluka mabandu awiri. Malume andikhululukire, ku Likhubula akalipentala alipo, akapeza njira yoilumikizira.

Ndinayamba ndi kutulutsa zoumba za apongozi. Munthu wokwiya kunyamula miphika makumi awiri umodziumodzi, mosamala ngati mazira, n'kuindandalika pamphasa, n'chinthu chovuta. Pofika mphika wakhumi mkwiyo umakhala ukukupulumuka, uyenera kumadzikumbutsa. Nditatha ndinakwera pampando kuti ndiyambire pachipewa kucheka chotsika.

Pamwamba pamenepo ndinali ndisanayang'anepo chibadwire. Kansalu ka malume kankalekezera pomwe mkono ukufika. Ndinayembekeza fumbi, akangaude ndi zitosi za makoswe. Panali poyera ngati pa tebulo la abusa. Ndipo m'makona onse anayi munali timitengo tosongoka ngati zikhomo zomangirira mbuzi, tolowetsedwa m'mabowo, mitu yake yosalala chifukwa chogogodedwa kawirikawiri. Ndinagogoda chikhomo chimodzi ndi chigwiriro cha sowo. Chinatuluka mosavuta, ngati chinkandidikira. Ndinagogoda zinazo. Chipewa chonse chinanyamuka m'manja mwanga.

Kuchokera pamenepo kabati inangodzivula yokha. Zitseko za magalasi ukazikweza pang'ono zimachoka. Mashelefu amasololoka. Matabwa akumbuyo amatuluka limodzilimodzi m'mizere yake. Mbali ziwiri zija zimagwidwa ndi zikhomo zinanso m'munsi. Mulibe msomali ngakhale umodzi. Amene anaipala kalekale uja ankadziwa kuti nyumba zimakhala ndi zitseko. Dzuwa lisanafike pamutu, chuma chonse cha malume chinali mulu wa matabwa, maulendo atatu a njinga, ndipo thabwa lalikulu koposa ndinaliyesa pakhomo. Linadutsa osakhudza felemu.

Ndinaseka ndekha. Ndinati aone tsopano akapitawo aja ndi dothi lawolo. Ndinatulutsa njinga, kumasula mphira zomangira katundu, n'kubwerera m'nyumba kudzatenga mtolo woyamba. M'pamene ndinayang'ana pamalo pomwe kabati inaima.

Pansi paja ndinasiya zidutswa za njerwa panali pozira bwino ndi mtsiro wakuda, wofanana ndi pabalaza ponse, osaoneka n'komwe polekezera. Khoma lija ndinalisiya losamata linali lomatidwa bwino, lopakidwa laimu. Mizere ya dzanja pa mtsirowo ndinaidziwa. Mkazi wanga ndi wamanzere, pozira amakokera kwake.

Ndinakhala pa mulu wa matabwawo. Ndiye kuti ine ndikamapalasa njinga ku Thuchila, amayi awiriwa ankaiphwasula kabati yanga, kusesa, kuzira, n'kuibwezera. Ndiye kuti nthawi zonse zija ankati katundu wanu musaiwale, ankadziwa kuti ntchito yake ndi ya m'mawa umodzi. Akanafuna kuti ndichoke, akanangondilozera pamwamba. Ngakhale dzulo lake pansi pa mango paja, atakwiya chonchija, akanangotsegula pakamwa. Anayang'ana pansi.

Ndinayesa kukwiya, chifukwa kubisiridwa chinthu chaka ndi theka n'chifukwa chomveka. Mkwiyo unabwera pang'ono, kusuzumira, n'kubwerera. Chitseko chinali chotsegula, njinga ili panja, palibe wondiletsa, ndipo kwa nthawi yoyamba chilowere m'banja ndinalibe chonamizira. Ndinaganiza za khonde la mayi anga ku Likhubula, kabati itafunda pulasitiki, mbale imodzi yokhayokha pakati ngati nthawi ya malume. Ndinaganizanso za mwana, amene anali atangoyamba kuseka akaona nkhope yake yokhota pagalasi paja.

Kenako ndinayang'ana mthunzi wa papaya. Msika unali pafupi kutha.

Inu, kuphwasula n'kosavuta. Kubwezera uli wekha, thukuta likulowa m'maso, ndi nkhani ina. Mbali imodzi ukaiimika, inzake ikugwa. Ndinagwiriziza ina ndi mutu, ina ndi bondo, chikhomo nditaluma kumano. Chitseko chakumanja ndinachiika kumanzere, n'kuyambiranso. Shelefu ina ndinailowetsa chagada, kamzere ka mbale kakuyang'ana pansi. Moyo wanga wonse sindinagwirepo ntchito mwachangu chotero, ngakhale kuphiri mvula ikubwera, ndipo yonseyo inali ntchito yodzitsekera ndekha. Miphika ndinaibwezera momwe ndinkakumbukirira. Mbale ndinaitsuka ndi phulusa n'kuiimika m'kamzere kake. Pomwe mawu a amayi ankamveka kunjira, ndinali nditakhala pampando, sowo ili pansi pa bedi, ndikupuma ngati galu. M'thumba mwanga munali chikhomo chimodzi chotsala, chimene sindinadziwe kwawo.

Mkazi wanga analowa kudzatenga matewera a mwana. Anaima, kuyang'ana kabati kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ine ndinakonza kukhosi n'kunena kuti ndayesetsa njira zonse, chinthuchi sichingatuluke, ndiye poti khoma andikaniza ndilibe kuchitira mwina, ndikhala. Si kufuna kwanga.

Anagwedeza mutu. Kenako anatambasula dzanja.

"Bweretsani. Chimenecho n'chakumbuyo, m'munsi kumanzere. Mukachisiya chitseko sichitsekeka."

Ndinamupatsa. Anagwada, kulowetsa mkono kunsi, kugogoda kamodzi ndi nkhulungo, ndipo chitseko chimene chinali chitalendewera chinatseka chokha. Anasinthanso mitsuko iwiri imene ndinaisokoneza. Ndinamufunsa kuti anadziwa liti. Anati tsiku la maziko lija, kuseri kwa khitchini. Mayi anga ndi amene anathandiza malume kuilowetsa m'nyumba mwawo, thabwa limodzilimodzi.

"Ndiye mayi anga enieni, osandiuza?"

"Anati nkhuku yachilendo timayamba taimanga mwendo, izolowere pakhomo."

Lamlungu ndinafika kwa ankhoswe ndi thadzi lofiira kukhwapa. Ndinafotokoza pamaso pa onse kuti kabati yakanika kutuluka, ndipo akapitawo aja anavomereza mwaulemu kuti inde, zinthu za azungu n'zovuta. Achimwene anafunanso chipewa chawo chobisamo nkhope. Ndinanjuta kuseri kwa nkhokwe n'kupepesa, ndipo ndinawonjezera kuti matope ophika aja ndi amene anandiimitsa pa Thuchila poyamba. Apongozi anauza papaya kuti zamveka, ndiponso kuti mbale ya mng'alu si chivundikiro chabwino, imataya nthunzi. Tinagwirizana kuti shelefu yapakati ndi ya ine ndi mbale yanga, ndipo ogula azibwera Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa, ine ndili ku kabaza. Thadzi lija analimangirira mwendo pa nsanamira ya khonde langa, osati la apongozi, ndipo sindikukhulupirira kuti zinali mwangozi.

Kukwiya sindinasiye, zifukwa zikupezekabe. Koma mawu aja oti ndikupita kwathu anatha ntchito. Ndinayesa kuwanena kamodzi chaka chatha, mbuzi za alamu zitadya mpando wa njinga yanga, mkazi wanga anangondipatsira nkhulungo n'kupitiriza kutsuka mbale.

Chaka chilichonse mvula isanayambe amandiuza kuti mawa mulawire, ku Thuchila kuli anthu ambiri ofuna njinga, musabwere msanga. Ndimalawira. Pobwera ndimapeza m'nyumba mukununkhira mtsiro wauwisi, kabati ili pamalo pake ngati sinasunthepo chimangire nyumba. Mlendo akafunsa kuti chinthu chachikulu chonchi chinalowa bwanji muno, ndimamufotokozera za maziko ndi makoma, ndi kuti pachitseko ichi sichingatuluke. Mkazi wanga amavomereza kuti zoonadi, sichingatuluke.